A Yunusu ndi Mayi Wam'mchenga

Ine ndine Khumbo. Ndimayendetsa basi ya kampani ina yomanga nyumba kuno ku Dubai: m'mamawa kutenga anthu ku kampu ku Sonapur, kukawatula ku saiti, madzulo kukawatenganso ali mbuu ndi fumbi. Amene akwerapo basi imeneyi ndi ambiri, a ku Nepal, a ku Bangladesh, a ku Uganda, ena nkhope zawo ndinaiwala kale. Koma a Yunusu sachoka m'mutu mwanga.

Kwawo ndi ku Ntaja, m'boma la Machinga. Anali bambo wamtali, wochepa thupi, wa ndevu zoyamba imvi pachibwano, ndipo poyenda ankapendekera kumanzere chifukwa mpando wa katapila unali utawadya msana. Ntchitoyo anaiphunzira kwathu komwe, pa msewu wina umene unkamangidwa iwo ali achinyamata. Anayamba ndi kupaka girisi, kenako kusuntha makinawo poweruka, mpaka anakhala woyendetsa weniweni. Msewu utatha, ntchito n'kusowa, anayesa ulimi wa fodya, fodya n'kuwakana. Mlamu wawo amene ankayendetsa galimoto ya banja lina la Chiarabu ku Bur Dubai ndiye anawapezera njira, ndipo anafika kuno ali kale munthu wamkulu, ana awo atakula.

Ku kampu ankagona chipinda chimodzi ndi anyamata a ku Pakistan, pa bedi lapansi chifukwa cha msanawo. Sanali munthu wa nkhani zambiri. Tsiku lopuma anzawo akamathamangira ku Deira kukaona masitolo, iwo ankakhala pakhonde kusoka nsapato za anthu ndi ulusi wa nayiloni, akung'ung'udza nyimbo za Chiyao. Ine ndine Mkhristu wa ku Rumphi, iwo Msilamu wa ku Machinga, ndipo kwathu mwina sitikanadziwana n'komwe. Koma kuno ukamva munthu akuti “mwadzuka bwanji” m'basi yodzaza Chihindi, ameneyo ndi m'bale wako. Mpando wakumbuyo kwanga unali wawo. Ankanditcha achimwene ngakhale kuti ndine mwana kwa iwo, ndipo m'thumba mwawo simunkasowa zipatso za kanjedza zoti tizitafuna tikakodwa pa mdipiti wa magalimoto.

Chaka chimenecho kampani inapatsidwa malo kumpoto kwa mzinda, cha kumalire ndi Sharjah, kuti imange nyumba yosanja yokhala ndi poimika magalimoto pansi pa nthaka. Malowo anali kamtunda ka mchenga pakati pa nyumba zina zosanja, pomwe anthu ankaimikapo malole ndi kusewera kiriketi. Tisanayambe, kapitawo wathu Sameer, mkulu wa ku Kerala, anatiuza kuti a boma oona za zinthu zakale alamula kuti tizikumba pali munthu wawo woyang'anira, chifukwa m'dera limenelo anapezamo kale manda amakedzana. Ananena izi nkhope ili yakugwa. Kwa kapitawo, chilichonse chochedwetsa konkire ndi mdani.

Woyang'anirayo anali mayi wachitsikana wa ku Jordan, dzina lake Fadila. Ankavala mpango wake n'kusanjikapo chipewa cholimba, nsapato zazikulu ngati zathu, ndipo m'thumba lakumbuyo munkasuzumira kampeni kofanana ndi kamene amisiri amapakira matope pa njerwa. Tsiku loyamba lomwelo anapempha a Yunusu kuti achotse baketi ya mano ku katapila, aike ya mlomo wosalala, ndipo asakumbe monga anazolowera koma azingokokola mchenga wapamwamba pang'onopang'ono, ngati munthu akusesa pabwalo. Iye ankaima kutsogolo kwa baketi, maso ali pansi. Akatambasula dzanja, a Yunusu ankakoka, akafumbata, ankaima. Chingerezi cha a Yunusu chinali chochepa, Chiarabu chawo chinali cha mapemphero, koma awiriwo anamvana msanga ndi manja okhaokha. Posakhalitsa Fadila anayamba kuwatcha ammu Yunus, kutanthauza amalume, ndipo iwo ankangoti “mwana uja”.

Saitiyo inali kutali ndi kampu, choncho basi inkaswera pompo ndipo ine ndinkakhala pamthunzi wake n'kumaona zonse. Tsiku lina tikudya, Kasuba, mnzathu wa ku Kitwe womanga zitsulo, anafunsa Fadila ngati akufunafuna golide. Fadila anaseka, nati akufunafuna anthu. Anatifotokozera kuti Aroma aja timawamva m'mabuku sanamange mudzi kuno, koma katundu wawo ankafika ndithu: zombo zinkatsatira gombe lomweli zitanyamula mabotolo a galasi, mikanda ndi mitsuko, ndipo kupitirira Sharjah kuli mabwinja a mudzi wina kumene zinthu zoterozo zimapezeka m'manda. Anati m'mchenga wotere munthu ukhoza kukumba mwezi wathunthu osapeza kanthu, ndipo masaiti ambiri amathera momwemo. Kasuba anati ndiye ntchito yabwino, kulipidwa chifukwa choyang'ana mchenga.

Masabata oyamba anapitadi choncho. Munkatuluka mabotolo a soda, matayala, nsapato imodzi ya mwana, ndipo pansi pake mchenga woyera wopanda kanthu. Kutentha kunali kutafika pachimake, nyengo ija lamulo limati ntchito zapadzuwa ziime masana. Fadila ankaima padzuwa limodzi ndi ife mpaka milomo kung'ambika.

Zinachitika m'mawa wina, dzuwa litakwera kale. Ndinaona Fadila akufumbata dzanja mwadzidzidzi, koma baketi inali ili kale paulendo, ndipo isanaime tinamva kukhukhuluzika kwa chitsulo pamwala. A Yunusu anandiuza pambuyo pake kuti phokosolo sanalimve ndi makutu, analimva m'mikono. Pansi panaoneka miyala yaphanthiphanthi ya m'nyanja, yomatirira tizigoba, yoyalidwa bwinobwino ndi manja a anthu. Umodzi unali utasunthidwa ndi baketi n'kupendekera m'kati, ndipo mchenga unkayoyokera m'mpatamo ngati ufa wotuluka m'thumba lobooka. Fadila anagwada n'kupukuta ndi burashi. M'mpatamo munaoneka zala za munthu.

A Yunusu anazimitsa injini. Anatsika pang'onopang'ono, navula chipewa, nanena mawu aja Asilamu amanena akamva uthenga wa maliro. Saiti yonse inangoti zii, moti tinkamva mafani a nyumba zoyandikana nazo akulira.

Apolisi anabwera, anayang'ana, anamva kuti mafupawo ndi a zaka pafupifupi zikwi ziwiri, n'kubwerera. Kenako kunabwera anzake a Fadila ndi tenti, maburashi, zojambulira ndi masefa. Sameer anasamutsira ntchito ku ngodya ina, akudandaula pafoni m'chinenero chakwawo. Miyala ija inali yolemera, ndiye anaitananso a Yunusu kuti ainyamule ndi lamba womangirira ku katapila. Anaichotsa umodziumodzi, mofatsa kwambiri, thukuta likudontha kuchibwano ngakhale kuti m'makinamo munali mozizira.

Mandawo atayeretsedwa, Fadila anakodola a Yunusu kuti adzaone. Ine ndinawatsatira. Munali munthu wamkazi, atagona cham'mbali, mawondo atapinda ngati wamva chisanu. Pakhosi panali timikanda tofiirira tomwazikana, ndipo pafupi ndi nkhope panali kabotolo kagalasi ka khosi lalitali, kobiriwira, konyezimira mitundumitundu ngati khosi la nkhunda. Fadila anati kameneko kanachokera ku mayiko a Aroma, ndipo munkakhala mafuta onunkhira. Wina anakaika pamenepo ndi dzanja lake tsiku la maliro.

A Yunusu anawerama, manja ali kumbuyo. Kenako anatembenukira kwa ine.

“Achimwene, mukulimva fungoli?”

Ine ndinkangomva dizilo ndi thukuta langa lomwe. Ndinamasulira funsolo kwa Fadila, ndipo iye anayankha mwaulemu kuti kabotoloko kanauma kalekale, mwadzaza mchenga wokhawokha. A Yunusu sanatsutse. Analoza dzanja la mayiyo, limene zala zake zina zinali zitaphwanyika pomwe mwala uja unapendekera, nafunsa ngati ndi iwo anachita zimenezo. Fadila anati sangadziwe. Mwina zinathyoka kale ndi kulemera kwa mchenga. Anawonjezera kuti akanakhala woyendetsa wina wa dzanja lolemera, manda onsewo akanapita m'lole. A Yunusu anagwedeza mutu, koma ndinaona kuti mawu amenewo sanalowe.

Ntchito yojambula ndi kuyeza inatenga masiku angapo. Kenako mafupa ananyamulidwa limodzilimodzi, kukulungidwa m'mapepala oyera ndi kuikidwa m'makatoni, ndipo galimoto yaing'ono inabwera kudzawatenga. Panatsala dzenje lokha, lozunguliridwa ndi miyala, pansi pake pakuonekabe pomwe panagona munthu. Fadila anasefa mchenga wotsala, anayang'ananso malo onse ozungulira, sanapeze manda ena. Mayiyo anali yekhayekha pakamtundapo. Chilolezo chopitiriza ntchito chitabwera, Sameer anauza a Yunusu kuti abwezere baketi ya mano.

Iwo anapempha kuti pamenepo pokha pakumbe munthu wina. Sameer sanali munthu woipa mtima, koma woyendetsa winayo anali ku tchuthi, malole anali atandandalika kale pageti. Anangowagwira paphewa n'kunena kuti, “Yalla, chacha, tiyeni amalume, mulibe munthu m'menemo.” A Yunusu anakwera. Baketi inatsika kangapo chabe, ndipo manda amene anakhala zaka zonsezo anathera m'lole imodzi, n'kupita kukatayidwa kumene timataya dothi lonse.

Madzulo ake m'basi sanatulutse zipatso zija. Tonse a ku Malawi tinkadziwa kuti akazi awo, a Mwanajuma, anamwalira chaka chapitacho, ndipo tinakawapepesa kuchipinda kwawo monga mwa mwambo. Koma mmene zinachitikira anali asanauzepo munthu. Tsiku limenelo, titaima pa mdipiti wa pamsewu waukulu, anthu ena onse akusinza, anayamba kundiuza ali kumbuyo kwanga, ine maso ali kutsogolo. Anati foni inalira m'thumba akupakira lole, koma pa makina saloledwa kuyankha, ndiye anaisiya. Pomwe ankaitsegula nthawi yopuma, a Mwanajuma anali atasambitsidwa kale, ndipo dzuwa lisanalowe anali ataikidwa. Mng'ono wawo anawaonetsa pa vidiyo mulu wa dothi lofiira, chithunzi chikudukaduka. Kupita kumudzi sikunatheke nthawi imeneyo, ndipo tchuthi chitakwana iwo eni anachikankhira kutsogolo, osadziwa kuti akakafika akayambira pati.

“Ine ntchito yanga ndi kukumba,” anatero. “Maenje amene ndakumba m'dziko lino sindingawawerenge. Koma la mkazi wanga anakumba ndi anthu ena. Manda amodzi okha amene ndawagwira ndi manja angawa ndi a lero, ndipo ndawafafaniza.”

Magalimoto anayamba kuyenda, ine n'kuponda mafuta.

Kuyambira pamenepo fungo lija linayamba kuwabwerera. Linkadza masana, dzuwa likafika paliwombo, mpweya ukamanjenjemera pamwamba pa mchenga. Ankati limalowa m'katapila mazenera ali otseka, limakhala pang'ono ngati munthu waima kumbuyo kwa mpando, kenako n'kuchoka. Ndinawafunsa ngati linali la mafuta amene a Mwanajuma ankadzola. Anakana kwamtuwagalu. La akazi awo ankalidziwa, mafuta wamba a m'golosale ya pa Ntaja. Ili linali lina, lozizira, lowawirira pang'ono ngati utomoni wa mtengo umene sanauonepo. Nthawi zina ankazimitsa injini n'kutembenuka. Ine ndili pamthunzi wa basi ndinkawaona akuyang'ana kumbuyo kwa mpando, pomwe pamangokhala botolo la madzi ndi nsanza.

M'basi anayamba kukhala chakukhoma n'kusiya malo pambali pawo. Munthu akafuna kukhalapo sankamukaniza, koma ankamuyang'ana mwa mtundu wina, moti anthu anayamba kupapewa okha. Kasuba anayesa kuchita nthabwala, nati, “Mudala, mwakwatila mukazi wa mu manda?” Palibe amene anaseka, ndipo patapita masiku ochepa Kasuba yemweyo anasamukira kumbuyo kwenikweni kwa basi. Basi inkadzaza mpaka ena kuima, koma malo amenewo ankakhala opanda munthu, ndipo ine pa galasi loonera kumbuyo ndinkapewa kuyang'anapo.

A Yunusu anapita kukaonana ndi shehe wa mzikiti wa ku kampu, mkulu wa ku Bangladesh. Shehe anawauza kuti akufa sayendayenda, kuti mayiyo anakhala ndi moyo Chisilamu chisanafike ndipo mlandu wake uli kwa Mulungu amene amadziwa anthu ake onse, ndiponso kuti munthu sachimwa ndi chinthu chimene sanachifune. Anawalangiza kuti azimwa madzi ambiri, pakuti dzuwa la kuno limasokoneza mutu. A Yunusu anathokoza, anamwa madziwo, koma fungo silinasiye.

Lamulungu lina anandipempha kuti ndiwaperekeze ku masitolo a mafuta onunkhira. Anati akalipeza fungolo m'botolo, lili ndi dzina ndi mwini sitolo wolidziwa, mtima ukhala pansi, adziwa kuti ndi chinthu cha dziko lino chimene mphepo imabweretsa kuchokera m'nyumba za anthu. Tinakwera sitima n'kutsika ku Bur Dubai, tinadutsa m'tinjira ta masitolo a nsalu, n'kuwoloka pa bwato kupita ku Deira. Tinalowa sitolo ndi sitolo. Ogulitsa ankawapaka pamkono, ena ankatentha timitengo ndi utomoni pa makala n'kuwakupizira utsi kunkhope. A Yunusu ankatsinzina, kukoka mpweya, n'kupukusa mutu. Mkulu wina wa ku Oman anatsegula kachitini ka utomoni wakuda, ndipo iwo anakhala nako nthawi yaitali pamphuno. Anati ukuyandikira, ngati mwana amene wafanana ndi mayi ake koma si iwowo. Tinabwerera mikono yawo ikununkha mitundu yonse ya mafuta, anthu m'sitima akutiyang'ana.

Panapita miyezi. Dzenje linasanduka konkire, nsanamira zinakwera, ndipo katapila anasamutsidwira kukakumba ngalande za mapaipi m'mbali mwa nyumbayo. Tsiku lina Fadila anatulukira pageti, wopanda chipewa cholimba, atanyamula bokosi la maswiti a kwawo. Anabwera kudzathokoza anthu amene anagwira nawo ntchito, komanso kudzawauza a Yunusu zimene akatswiri anapeza. Ine ndinkamasulira. Anati mayiyo anamwalira asanakalambe, mwina wa msinkhu wa Fadila mwiniyo. Anatinso madzi amene munthu amamwa ali mwana amasiya chizindikiro m'mano, ndipo atapima mano a mayiyo anapeza kuti sanakulire pagombe lino. Anachokera kwina, kudziko la mapiri kapena la mitsinje, koma kwenikweni kuti sakudziwa.

A Yunusu anandiuza kuti ndibwerezenso. Ndinabwereza.

“Ndiye anali mlendo ngati ife,” anatero motsitsa. “Kwawo anamva?”

Fadila anati zimenezo mafupa sanena. Iwo anafunsa ngati angathe kukaona kumene anamuika, ndipo iye ataganiza pang'ono anati ayesa kupempha.

Chilolezo chinapezeka, ndipo tinapita tsiku lathu lopuma, Fadila atadzipereka kudzatitsegulira. A Yunusu anavala mkanjo wawo woyera wa Lachisanu. Inali nyumba yosungiramo zinthu, yopanda mazenera, yozizira moti ine ndinapinda manja. Mashelefu achitsulo anafika kudenga, odzaza makatoni ofanana, lililonse ndi nambala yake. Fadila anatitsogolera mpaka kumapeto n'kuloza makatoni a pa shelefu yofika pachifuwa. Kabotolo kaja kanali kwina, kwa anthu okonza magalasi, ndipo mikanda inalinso kwina. A Yunusu anafunsa kuti adzamuikanso liti m'nthaka. Fadila sanabise: anati sakudziwa, mwina sadzamuikanso, chifukwa amasungidwa kuti anthu aphunzirepo. Kenako ananena motsitsa mawu kuti iyenso akamalowa m'chipindamo amapereka moni.

A Yunusu anaika chikhato pa katoni, milomo ikugwedezeka. Sindinamve zimene ankanena, ndipo sindinafunse. Titatuluka panja, kutentha kutatiwomba kumaso, anandiuza kuti m'menemo munalibe fungo lija ngakhale pang'ono.

“Mafupa ali muno,” anatero, “koma mwini wake anatsala kuja.”

Nyumba ija itatha, gulu lathu linasamukira ku saiti ina kuchipululu, kumene kunalibe woyang'anira aliyense. Kumeneko fungo silinawatsatire, koma dzanja lawo linali litasintha. Baketi ikangogunda chinthu cholimba ankaimitsa makina, kutsika, n'kufukula ndi manja. Ankapeza mwala wamba, chidutswa cha paipi, muzu. Malole ankadikira, madalaivala akuimba mahutala. Sameer anawapirira nthawi yaitali ndithu, kenako anawachotsa pa katapila n'kuwaika pa galimoto yothira madzi pa fumbi. Ena anaona ngati awanyoza, munthu wa luso lotere kumayenda ndi thanki ya madzi, koma iwo sanadandaule. Anati msana nawo wapumako. Kontirakiti yawo itatha, sanapemphe ina.

Tsiku loti anyamuke, ndinapempha galimoto yaing'ono ya kampani kuti ndiwaperekeze ku bwalo la ndege, ndipo iwo anati tidzere ku nyumba ija. Tinaipeza itadzaza kale anthu, zovala zitayanikidwa m'makonde, pansi pali sitolo ya mankhwala ndi ya ochapa zovala. Ana a sukulu ankatsika m'basi yachikasu. A Yunusu anapereka moni kwa mlonda, nafotokoza ndi manja kuti ndi amene anakumba pamenepo, ndipo mlondayo anawalola. Anatsetsereka wapansi m'njira ya magalimoto yopita pansi pa nthaka, akupendekera kumanzere, mpaka anabisika pokhota. Ine ndinatsala m'galimoto. Anakhalitsa ndithu, moti ndinayamba kuda nkhawa ndi nthawi ya ndege. Atatuluka anakhala pampando, namanga lamba, nati tiyeni. Zimene anapeza pansipo sanandiuze.

Tsopano ali ku Ntaja, akulima nandolo ndi kuweta mbuzi zochepa. Amanditumizira mawu pafoni mwa apo ndi apo, kufunsa za Kasuba, za Sameer, ndi za mwana uja ngati akadaimabe padzuwa. Mu uthenga wina anandiuza kuti atafika anakhala masiku angapo asanalimbe mtima kupita kumanda. Tsiku limene anapita anatengana ndi mng'ono wawo. Mvula ya zaka ziwiri inali itaphwetsa miulu, udzu utamera mpaka m'chiuno, ndipo kamtengo kamene anazika kumutu kanali katadyedwa ndi chiswe. Mng'ono wawoyo anaima pakati pa miulu iwiri yoyandikana, analoza uwu, kenako anakayika n'kuloza winawo. Anafunsa kwa ena amene analipo tsiku la maliro, nawonso anagawanika.

A Yunusu anati sanakwiye ndi munthu. Anatenga khasu, nalambula yonse iwiri, ndipo mpaka lero mvula ikatha amapita kukailambula yonse iwiri.